Tsiku limene Kabulonga inatimana madzi

Ndinayamba kutsogolera masikauti a pa tchalitchi chathu ku Chelstone, mu Lusaka muno, tsitsi langa likali lakuda. Chaka chimene ndikunenachi, makolo ena anali atayamba kunong'onezana kuti ndakalamba, gulu lipatsidwe wina. Komiti inati iona kaye mmene ulendo wa mwezi wa Okutobala uyendere.

Ulendowo unali wapansi, kuchokera ku Chelstone, kudzera ku Kabulonga ndi Woodlands, kukathera ku Kabwata. Ndinalamula kuti mwana aliyense atenge botolo limodzi lokha la madzi. Ndinachita dala. Kwathu ku Chipata mlendo samanidwa madzi, koma ana obadwira m'tauni muno sadziwa kuima pakhomo pa munthu, kunena odi ndi kupempha mwaulemu. Ndinkafuna aphunzire. Zimenezi ndinazilemba m'kalata yopita kwa makolo, onse anasaina, ndipo makalatawo ndikali nawo.

Dzuwa litafika pamutu tinali m'Kabulonga, mabotolo atauma. Kale ndinkadutsa komweko nyumba zili ndi mipanda ya maluwa, wantchito wa m'munda n'kukutungira pa mpopi osakufunsa dzina. Tsopano ndi makoma okhaokha, pamwamba waya wamagetsi. Odi ukamunenera ndani?

Pa geti loyamba tinagogoda, anayankha ndi agalu. Pa lachiwiri mlonda anasuzumira pa kabowo.

"Mufuna ndani, ba mudala?"

"Ana awa ali ndi ludzu, mwanawe. Tithandize madzi."

"Ba bosi kulibe. Sibavomela."

"Koma ndikumva madzi akuthirira kapinga kumbuyo kwakoko."

"Ni ya kapinga yamene iyo," anatero, n'kutseka kabowo.

Pa lachitatu mawu a mayi wina anatuluka m'kabokosi ka pakhoma. Asanamve n'komwe chimene tabwerera, anati zopereka amapereka ku tchalitchi kwawo.

Mtsikana wamng'ono pa onse anakhala pansi m'mbali mwa ngalande, milomo itayera, nati akumva chizungulire. Ndinamukupiza ndi chipewa changa. Apo mnyamata wina anasolola foni mu sokosi, ngakhale mafoni ndinali nditaletsa, n'kuimbira amayi ake.

Amayi a mnyamatayo anafika pa galimoto atanyamula madzi ogula. Moni sanandipatse.

"Mufuna kutipayila bana, imwe? Lusaka si kumunzi."

"Munasaina, mayi."

"Nindani amabelenga vija?"

Anagawira ana madzi, natenga mtsikanayo ndi ena amene anakwana m'galimotomo. Botolo limene anandiponyera ndinapatsa mwana. Otsalafe tinayenda mpaka ku Woodlands, koma uthenga unali utafika kale kwa makolo onse, ndipo magalimoto anabwera kudzatola ana mmodzimmodzi. Ku Kabwata sikunafike munthu.

Komiti inakumana Lamlungu lotsatira, Misa itatha. Anakamba za msinkhu wanga, za dzuwa, za botolo limodzi. Ndinadikira kuti wina afunse kuti ndi anthu a mtundu wanji amene amamwetsa udzu mwana ali kukomoka pa geti pawo. Palibe anafunsa. Ambiri a iwo anamanga makoma awo kale.

Wapampando, amene ndinamuphunzitsa ndine kumanga mfundo ya chingwe ali mwana, anandithokoza chifukwa cha ntchito ya zaka zambiri, nandipempha kusiya mbendera ya gulu ndi wenzulo pa tebulo. Mbendera ndinasiya. Wenzulo ndinakana, poti ndinagula ndekha.