Tsiku Limene Ndinakapala Moto ku Dubai

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi m'chaka chimene Dubai anati zii. Ife ana sitinkadziwa za mabanki ndi mavuto a anthu akuluakulu, koma maso tinali nawo. Makireni amene ankazungulira usana ndi usiku pamwamba pa nyumba zosamalizidwa anangoima, makosi ali m'mwamba. Kusukulu mipando inayamba kutsala yopanda eni. Mnzako umaseka naye Lachinayi, pobwerera m'kalasi Lamulungu n'kumva kuti anakwera ndege. Tinkakhala ku Al Garhoud, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo tinkadutsa magalimoto osiyidwa ndi eni ake atakutidwa ndi fumbi, ana atalembapo maina awo ndi chala.

Mphepo imeneyo inafikanso pakhomo pathu. Adadi anali injiniya panyumba ina yosanja imene inkamangidwa cha ku Marina, ndipo tsiku lina anabwerako dzuwa lili paliwombo, chipewa chawo chapantchito chili m'manja, ntchito itawathera. Mwayi wake amami anali namwino, choncho tonse tinatsamira pa viza yawo. Chakudya sichinasowe m'nyumba. Amene anasowa ndi adadi. Munthu amene ankati akaseka oyandikana nafe ankagogoda khoma, anasanduka wobindikira kuchipinda makatani ali chitsekere. Anatilamula kuti Mmalawi aliyense akafunsa tiziti ali kuntchito. Mwamuna wa ku Dedza kudyetsedwa ndi mkazi kudziko la eni, kwa iwo zinali zamanyazi zosatchulika. Ine bodza limenelo linkandilemera, ndipo ndinkawasowa bambo anga ngakhale tinkagona nyumba imodzi.

Chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika, Aafirika a mumzindawo ankabwereka bwalo la sukulu ina n'kuchita chikondwerero tsiku Lachisanu. Mtundu uliwonse unkabwera ndi chakudya chake ndi gule wake. Chaka chimenecho ambiri ankati chilekeke, anthu akulira. Koma ife Amalawi tinali ndi Anti Asiyatu, mayi wa ku Mangochi amene ankagwira ntchito yam'nyumba kwa Mwarabu wina. Anali wamfupi, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu, ndipo kutsutsana nawo kunali kutaya malovu. Iwo anati pamaliro pomwe anthu amadya, nanga apa wafa ndani? Anasonkhanitsa amayi ndi ife atsikana n'kuyamba kutiphunzitsa chimtali papaki. Ine ndinali ndisanavinepo gule wakwathu aliyense. Chiuno changa, iwo ankatero, chinali chouma ngati chitseko, koma patapita milungu ingapo anandiika kutsogolo kwa mzere. Ndinkagona ndikulota tsikulo.

Woimba ng'oma wathu anali bambo wina wa ku Chipata. Kutatsala masiku ochepa nayenso ntchito inamuthera, anakwera ndege n'kuwasiyira Anti Asiyatu ng'omayo. Iwo anati palibe kanthu, aimba okha. Koma abwana awo sanalole chikopa cha nyama m'nyumba, ndiye ng'oma inkagona pakhonde lakuseri, pamene m'nyengo imeneyo nkhungu yochokera kunyanja imanyowetsa chilichonse m'mamawa.

Tsikulo adadi anavomera kutiperekeza pagalimoto, koma ananeneratu kuti satsika. Anaimika kumapeto kwenikweni kwa malo oimika magalimoto, pansi pa mtengo wa kanjedza, n'kutsitsa mpando. Ife tinalowa titavala zitenje zofanana, mipango ili kumutu. Tili kuseri kwa nsanja kudikira nthawi yathu, Anti Asiyatu anati tiyese kamodzi komaliza. Anaimenya ng'oma ija. Inangoti bu, bu, ngati munthu akukuntha matiresi. Anaimenyanso mwamphamvu, nkhope itachita tsinya, koma sinasinthe. Kutsogoloko Asenegali anali akung'amba mlengalenga ndi ng'oma zawo. Amayi ena anayamba kunong'onezana kuti kuli bwino tingosiya kusiyana n'kukachita manyazi pamaso pa Afirika yense. Ine misozi inali italengeza kale.

Amami anandikokera pambali. "Tiyamike, nyamula ng'omayi upite nayo kugalimoto. Bambo ako anakulira pang'oma."

Ndinadabwa. Adadi ndinkawadziwa ndi mapulani a nyumba ndi nsapato zolemera, za ng'oma sindinamvepo. Ndinaikumbatira n'kuyenda nayo movutikira mpaka kukanjedza kuja. Iwo anatsitsa galasi, anayang'ana ine, anayang'ana ng'oma. Kenaka anatsegula chitseko, anaiika pakati pa miyendo n'kuigogoda ndi chala chimodzi, khutu atapendeketsa.

"Yagona panja iyi," anatero. "Siinafe, yangozizidwa. Ikufuna kuwamba. Pita ukapale moto."

"Ndikapale bwanji, adadi?"

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Ndinali mwana wa chitofu chamagetsi, moto ndinkaudziwa wodina batani. Anandifotokozera kuti kwathu moto ukazima pakhomo, mwana amatumidwa ndi phale kunyumba iliyonse kumene kukufuka utsi, n'kukatenga makala awiri atatu. Ndinafunsa kuti ndikawapatsa chiyani eni motowo.

"Moto sagula, ndipo samana," anatero. "Ngakhale amene munayambana naye dzulo amakupalira. Yalla, thamanga."

Anandipatsa chivindikiro cha poto chimene chinatsalira m'galimoto. Ndinalowa kumene ankaphikira ndili ndi mantha, chifukwa kupempha kanthu kwa mlendo kunali kosazolowereka mumzinda umenewo. Koma fungo la kumeneko silidzandichoka. Anaijeriya anali ndi mpunga wofiira wa tsabola woyetsemulitsa, Akenya akutembenuza nthiti za mbuzi, Aganda akusenda nthochi zophika, ndipo patebulo pathu panali mandasi, zitumbuwa ndi usipa umene winawake anabwera nawo m'chikwama kuchokera kumudzi. Aliyense ankakuwa m'chinenero chake, ana akuthamangitsana pakati pa miyendo ya akuluakulu. Ambiri ankaphikira gasi. Makala oyaka bwino ndinawaona pakona, pamene mayi wina wa ku Itiyopiya, wovala zoyera, ankakazinga khofi pakambaula, lubani akufuka pambali pake.

Ndinaima patsogolo pake ndi chivindikiro changa. Iye anayang'ana chivindikirocho n'kuyamba kuseka mpaka kugwira pamtima. Anandiuza m'Chingerezi chake chodukaduka kuti nayenso ali mwana ankatumidwa chimodzimodzi, ndipo sankayembekeza kuti adzaonanso zimenezi ku Dubai. Koma anati eni sukulu analamula kuti moto usachoke pamalo ophikirawo. "Habibti, mwana wanga, kawauze bambo ako abwere nayo kuno ng'omayo. Moto ulipo wambiri."

Ndinabwerera ndi chivindikiro chopanda kanthu. Nditawauza, adadi anayang'ana kubwalo kuja. Kuti akafike pambaulayo anayenera kudutsa patebulo la Amalawi, pamaso pa anthu onse amene anakhala akuwathawa miyezi yonseyo. Dzanja lawo linkasisita chikopa cha ng'oma.

"Tenga upite nayo wekha," anatero. "Uziiyandikiza pang'onopang'ono."

"Ndikaiwotcha, adadi. Sindidziwa." Ndiye ndinanena chimene chinali pamtima. "Ndimafuna mundione ndikuvina."

Anatsika, anakonza kolala ya malaya, anaika ng'oma paphewa n'kuyamba kuyenda. Ine ndinkathamanga pambuyo pawo.

Pambaula paja anapereka moni kwa mayi uja n'kunjuta pansi ndi buluku lawo lakuofesi. Analozetsa chikopa kumoto, osayandikiza kwambiri, akuizunguza ng'omayo pang'onopang'ono ndi kuisisita ndi chikhatho. Pakapita kanthawi ankaigogoda. Poyamba inkati bu. Kenaka inati du. Mawu ake ankakwera ngati munthu amene akudzuka kutulo, ndipo anthu anayamba kutizungulira. Mmodzi mwa iwo anali a Chikaonda, owerengera chuma pakampani ina, amene tinkapemphera nawo limodzi.

"Achimwene, mwasowatu," iwo anatero. "Kusaiti kukuyenda?"

Ndinayang'ana adadi, ndikudikira bodza lija. Iwo sanadzutse mutu, anapitiriza kuzunguza ng'oma.

"Khalas, achimwene. Ntchito inatha kalekale. Akundisunga ndi mayi a Tiyamike."

A Chikaonda anaseka, osati monyoza, koma ngati munthu amene watula katundu. "Ndiye tilipo ambiri. Ine mwezi uno ndi wachitatu. M'mawa ndimamanga tayi n'kukakhala m'molo, mumasitolo akuluakulu muja, kuti a pakhomo loyandikana asadziwe."

Bambo wina wa ku Zambia amene anaima kumbuyo anati naye n'chimodzimodzi, ndipo anawonjeza kuti tsopano amadziwa kuphika kuposa mkazi wake. Anthu anafa nacho chiseko. Anti Asiyatu anafika akupukusa mutu, manja ali m'chiuno.

"Inu achimwene, mumayesa sitinkadziwa? Galimoto yanu imakhala pakhomo tsiku lonse, imapita yokha kuntchito? Timangokusungirani ulemu. Yalla, ng'omayo yapsa kapena tidikire chaka chamawa?"

Apo m'pamene ndinamva chiseko cha adadi chimene ndinali nditachiiwala. Anaimenya ng'oma ija ndi manja onse awiri ndipo inalira mokweza, mawu ake ali nga, mpaka mayi wa khofi uja anaimba nthungululu yakwawo, amayi athu n'kuilandira ndi yakwathu.

Za kuvina kwenikweniko ndimakumbukira zidutswazidutswa. Ndimakumbukira kapinga wofunda kumapazi, ndi Anti Asiyatu akutsogolera nyimbo amayi akuvomera. Ndege inadutsa chapansipansi koma sitinaimve. Ndinalakwitsa sitepe kangapo, palibe anasamala. Adadi anali atavula nsapato, malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo nthawi iliyonse ndikadutsa patsogolo pawo ankasintha kamenyedwe, ng'oma n'kumachita ngati ikunditchula dzina. Chiuno chija chinamasuka chokha. Amayi a ku Ghana analowa m'bwalo osaitanidwa, kenaka Asudani, kenaka aliyense, mpaka chimtali chathu chinasanduka gule wopanda mwini. Amami, amene anali atagwira ntchito usiku wathawo, ankavina akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la ubwana wanga.

Ng'oma inkati ikazizira adadi ankabwerera nayo pambaula, ndipo ulendo uliwonse ankapeza kapu ya khofi ikuwadikira. Tinadya za mitundu yonse tsiku limenelo. Mpunga wa Anaijeriya unandiliza, a Chikaonda n'kumandiseka kuti ndine Mmalawi wa m'firiji, wosadziwa tsabola. Dzuwa likupendeka, abambo amene ntchito zinawathera anali atakhala bwalo lawolawo pakapinga, akuuzana kumene amva kuti kukufunika anthu, ndi kusekana za maphikidwe awo.

Sindinganame kuti ng'oma inabweretsa ntchito. Adadi anakhalabe pakhomo nthawi yaitali, ndipo pamapeto pake tinabwerera ku Malawi. Koma miyezi yotsalayo anaikhala ngati munthu. Ankandiperekeza kusukulu, ankapita kumapemphero, ndipo wina akafunsa za ntchito ankangoyankha kuti inshallah, n'kufunsa za kwawo kwa wofunsayo.

Lero ndine wamkulu, ndipo nanenso ntchito inandithera kamodzi. Ndinamva chilakolako chomwecho chotseka chitseko kuti anthu adzandionenso zinthu zikadzakhala bwino. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zimene ndinaona ndili mwana. Adadi ankaganiza kuti anthu ankawalemekeza chifukwa cha uinjiniya, ndiye utachoka anaona ngati alibe chobwera nacho pagulu. Koma anthu aja sankadikira injiniya. Ankadikira mnzawo, ndipo ena mwa iwo ankadikira kuti wina ayambe kunena zoona kuti nawonso apume. Chikondwerero chija sichinali cha anthu amene zikuwayendera. Tinkachifuna kwambiri chaka chimenecho kuposa zaka zonse za bwino. Choncho ine itandithera ntchito, sindinadikire kuti andifunse. Ndinapita kwa anzanga tsiku lomwelo n'kuwauza ndekha, ndipo anandisendezera mpando.