Thonje la Amayi pa nthambi ya Khirisimasi

Amayi, lero ndimakongoletsa chipinda chodyera kuno ku Balaka, Khirisimasi yoyamba inu kulibe. Pofunafuna mabaluni m'kabati mwanu ndapeza kajumbo ka thonje la kumunda kwanu ku Rivirivi, njere zake zili momwemo. Ndangokhala pansi. Paja chaka chilichonse mukagulitsa thonje munkasungako pang'ono, n'kudzalikoleka pa nthambi imene munkaizika m'ndowa ya mchenga pafupi ndi tebulo. Chaka chatha ndinakusekani. Ndinati, "Kodi Amayi, mukutsanzira chipale chofewa cha pa makadi a Khirisimasi a azungu, chimene simunachionepo?" Inu, muli kalikiliki kukulunga mphatso zathu m'manyuzipepala, munati, "Iyayi mwanawe, za azunguzo sindizidziwa. Thonje ili ndi limene lakugulira chitenje iwe, ndi malaya a achimwene ako. Lidye nawo Khirisimasi." Ndinafunsanso, "Koma tonsefe tili pantchito, bwanji osadzigulira nsapato inuyo?" Munangoti ndiwongole nthambiyo, yapendama.

Mpaka lero ndikufunabe kudziwa, Amayi. Munkationa bwanji ife, anthu a ana athuathu, kuti muzipsa ndi dzuwa m'munda chifukwa cha chitenje changa? Nanga kajumboka munasunga liti, popeza nthawi yokolola munali mutayamba kale kudwala? Mvula yagwa, munda wanu ukungomera udzu, ndipo achimwene akuti tiuchititse lendi. Thonjeli lili m'manja mwangamu. Tandiuzani, ndilikoleke pa nthambi, kapena ndichotse njerezi ndikadzale?