Thabwa Limene Tadala Anandisiyira

Ndinadzuka kusanache pampando umene ndinaodzerapo. M'nyumba ya siwa amayi a kutchalitchi anali atasasa mawu, ndipo kuseri ena ankakoleza moto, nkhuni zonyowa zikungofuka. Chiperoni chinali chitakuta phiri la Ndirande.

Amene anagona m'nyumbamo anali mwana wanga Tadala. Anadwala masiku atatu okha. Atamaliza sukulu ya zaumisiri anabwerera kushedi yanga ya ukalipentala ku Chirimba ndi mkono wa loboti wodula matabwa, umene anaulumikiza yekha. Tinkakangana kawirikawiri. Ine ndinkati thabwa umalimva ndi dzanja.

Akalipentala anzanga atafika, anakana zoti mwana wa mmisiri alowe m'bokosi logula pamsewu. Tinapita kushedi. Matabwa abwino analipo a mbawa okha, amene Tadala anatola panyumba yakale itagwetsedwa ku Nkolokosa. Mkulu wina anaopa kuti misomali yobisika ithyola mano a sowo.

Ndinatenga foni ya malemuyo n'kuilozetsa pamatabwa monga ankachitira. Pagalasi panaoneka matabwa omwewo, koma ali ndi mizere: yofiira pamene panali misomali, yobiriwira pamene loboti inkayenera kudula miyendo ya tebulo. Pathabwa lalikulu panalibe mzere uliwonse. Panali mawu okha: "Ili ndi la ababa, apale ndi randa."

Anzanga anati ndikhale pansi, namfedwa sagwira ntchito. Ndinawapempha thabwa limodzi lokhalo. Iwo anazula misomali n'kudula enawo, ine ndinapala chivundikiro. Loboti palibe anaikhudza.

Pofika masana anthu anali atadzaza msewu, mpaka minibasi zinkabwerera. Kunabwera amayi a pamsika amene Tadala anawakhomera mabenchi, ndiponso anzake a kusukulu atavala zakuda, osadziwa poima. Tinayenda pang'onopang'ono m'matope kutsatira lole yonyamula bokosi. Kumanda adzukulu anachita kukapa madzi m'dzenje. Dothi litayamba kugwera pambawa ija ndinayang'ana kumbali.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munangoti zii. Mkazi wanga anakhala pamphasa atatsamira khoma.

"Chivundikiro chija munapala ndinu," anatero.

Ndinawafunsa amene anawauza.

"Palibe. Ndinachisisita potsanzikana naye."