Nsomba ya Bambo Keith

Towera Gwanda sakhazikika. Ngakhale m'basi yochokera ku Easterhouse amakhala m'mphepete mwa mpando ngati wina amuitana. Kwawo ndi ku Ntcheu. Kuno ku Glasgow amasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo viza yake inamangiriridwa ku ntchito imeneyi. Ntchito ikangotha, iye ndi ana ake awiri alongedza.

Tsiku loyamba kupita kwa bambo Keith ku Shawlands anapeza nkhalambayo ili m'tulo pampando. Patebulo la pawindo panali nsomba yowamba, buledi wonyema, ndimu losenda theka khungu likulendewera, ndi vinyo wotsala m'tambula. Zonse zosavundikira. Nsombayo inali itayamba kununkha. Towera anagwira pakamwa. Munthu wamkulu n'kumadya zoterezi? Anataya nsomba ndi buledi, natsuka tambula, napukuta tebulo.

Bambo Keith atadzuka anakuwa.

"Mayi iwe, wandiphera chithunzi!"

Anamuonetsa chinsalu chimene chinatsamira kukhoma. Panali nsomba yomwe ija, yojambula ndi penti kuyambira kumutu kulekeza pamimba. Anati amatsanzira akatswiri akale a ku Holland, ojambula zakudya ndi zakumwa, koma kuti iwo tsopano maso ayamba kuchita khungu.

"Pepani bambo, kwathu chakudya sitisiya chosavundikira."

"Kwanu! Ndiimba foni ku ofesi kwanuko."

Sabata imeneyo foni ikangolira, Towera ankangoti ndi ku ofesi. Loweruka analephera kukhala m'nyumba. Anakwera basi mpaka ku Kelvingrove, kumene amaonetsa zithunzi zakale, nafunsa mlonda kumene kuli za ku Holland. Anazipeza: nkhanu, mphesa, mikate, mpeni uli m'mphepete mwa tebulo ngati ugwa. Munthu wodya panalibe. Anthu amenewa analibe alendo kodi? Komabe anaima nthawi yaitali, akuyang'ana mmene khungu la ndimu linapotokera.

Lolemba anafika ndi nsomba, buledi ndi mandimu. Bambo Keith anainunkhiza nsombayo.

"Yanenepa iyi. Yanga inali yowonda ngati ine."

"Ikhala masiku awiri iwonda, bambo."

Anamuuza asende ndimu, khungu lisaduke. Loyamba linaduka. Lachiwiri linadukanso.

"Ukuthamangira kuti? Basi yakusiya?"

Lachitatu linatheka. Bambo Keith analiika okha, nalisuntha pang'ono, nalibwezanso. Towera anaima kumbuyo kwawo.

"Nanga ku ofesi kuja, bambo, munaimba?"

"Ndinaimba. Anandiika pamzere, nyimbo ikungolira, mpaka ndinagona." Anatenga bulashi. "Ndiimbanso ukadzakhudza tebulo ili. Tsegula katani uyo, ndipo uchoke pamenepo, ukunditchinga."

Towera anatsegula katani, nathamangira kukhitchini kukatereka tiyi.