Kapinga wa Pakhomo pa Esnath Phiri

Ku Kasanda ukafunsa kwa Esnath Phiri, anthu sakuuza nambala ya nyumba. Amangoti uyende mpaka upeze bwalo lopanda ngakhale katsamba. Iye anabadwira momwemo, mwana wa munthu wa ku Ntcheu amene anabwera kudzakumba mtovu. Mgodi unatsekedwa, bambo ake anamwalira, mwamuna wake Gershom naye anatsamira mkono, koma Esnath sanasiye kusesa kawiri pa tsiku. Mayi ake anamuphunzitsa kuti udzu pakhomo ndi wa mkazi waulesi, ndipo azimayi a Chigwirizano ku mpingo ankamutchula ngati chitsanzo.

Tsoka ilo, fumbi limene ankasesalo linali lodzaza mtovu. Mdzukulu wake Mwiza, wa zaka zinayi, ankachedwa kulankhula ndipo sankachedwa kutopa. Kukiliniki atamuyeza magazi, namwino anapukusa mutu n'kunena kuti mwanayo asamasewerenso pa dothi limenelo. Esnath analira njira yonse, chifukwa ku Kasanda dothi lina ukalipeza kuti?

Nthawi yomweyo, kumaiko akutali, anthu a masuti ankakwera ndege kukakambirana zopulumutsa dziko. Analonjeza ndalama zambiri moti owerenga nkhani pa wailesi ankachita chibwibwi pozitchula. Koma ndalama zikakhala pa ulendo nazo zimamva njala. Zinagona m'mahotela, zinagula magalimoto oyera, zinasindikiza masikipa. Pofika pakhomo pa Esnath zinali zitasanduka mawilibala asanu ndi imodzi a dothi labwino ndi matumba awiri a kapinga.

Anabweretsa zimenezi ndi Wiseman Tembo, mkulu wa pulojekiti, munthu wonunkhira sopo wodula.

"Amai, yadi yanu ndiye ya sampulo," anatero. "Kapinga aka kazatseka ledi, mtovu uja, pansi. Eni ndalama akabwera n'kukondwela, azalipila dothi ya mseu wonse."

Esnath anathirira udzuwo miyezi inayi ndi madzi otsala posamba. Anzake ankanong'onezana kuti Amai Phiri ayamba ulesi paukalamba, ndipo zinkamupweteka kwambiri. Anapirira chifukwa Mwiza tsopano ankagubuduzika pobiriwira.

Kenako Wiseman anaimba foni kuti alendo afika Lachisanu. Esnath anakhala pakhonde n'kuyang'ana bwalo lake, manyazi anamugwira. Abusa okha akamabwera iye amalambula mpaka kumsewu, nanga anthu owoloka nyanja awalandirire patchire? Anaganiza kuti udzu umameranso, koma mbiri ya uve ikamveka kunja siibwezedwa. Lachinayi anaitana azimayi awiri a Chigwirizano ndi makasu awo. Analambula akuimba nyimbo za mpingo, anasesa mpaka nthaka yakale yolimba inaonekera, ndipo dothi lofewa lija analitaya mu ngalande.

Lachisanu kunaima magalimoto atatu. Wiseman atatsika anagwira mutu.

"Mayo ine! Amai, kapinga kali kuti?"

"Nachotsa, mwana wanga," anayankha Esnath monyadira. "Manje munafuna alendo aone monga pano palibe muzimai?"

Alendowo anakhala mphindi khumi. Munkoyo, chakumwa chonga thobwa, umene anawaphikira sanaulawe, poti aliyense anali ndi botolo lake la madzi. Anajambula bwalolo mbali zonse, n'kupukuta nsapato asanakwere galimoto.

Musaganize kuti ndalama zinaleka kubwera. Zinabwera zochuluka kuposa zoyamba zija. Lipoti linati anthu a ku Kasanda sanakonzeke ndipo akufunika kuphunzitsidwa, choncho dothi la msewu wonse linasanduka maphunziro a masiku atatu pa loji ina m'tauni. Esnath anakhazikidwa kutsogolo. Chithunzi cha bwalo lake anachiwalitsa pakhoma, chachikulu ngati chitseko, ndipo akatswiri ochokera ku Lusaka ankachiloza ndi kandodo. Mayi amene moyo wake wonse anali chitsanzo cha ukhondo anakhala chitsanzo cha umbuli, akudya samusa wolipiridwa ndi dziko lonse lapansi.

Tsiku lomaliza anati ofuna kufunsa afunse. Esnath anaimirira.

"Namvela, ndine n'nalakwa. Manje dothi ija muzabweletsa liti? Muzukulu wanga aseŵela pansi."

Wiseman anatembenuza mapepala ake.

"Iyo ili mu gawo yachitatu, amai. Tikali kulemba pulopozo."

Onse anaomba m'manja chifukwa funsolo linali labwino, ndipo wina analilemba pa bolodi.

Anthu atapita kukalandira masikipa, Esnath anazungulira kuseri kwa lojiyo, kumene mpopi unkathirira kapinga tsiku lonse popanda mwana womusewerera. Mayi amene sanabepo ngakhale singano anagwada, anazula udzu wodzaza manja awiri pamodzi ndi dothi lake, n'kuukulunga m'chitenje. Anatulukira pa geti, n'kupepesa kwa Mulungu njira yonse.

Kunyumba anaudzala pafupi ndi khonde. Unakwana malo ngati a mbale yodyera. Anamunyamula Mwiza, n'kumuimika pamenepo miyendo pamodzi.

"Uzisewela apa chabe, wamvela?"

Mwiza anayang'ana mapazi ake, n'kufunsa agogo akewo kuti nanga akafuna kukhala pansi akhale pati.