Tsiku Limene a Lemus Analemba 41,041

A Evaristo Lemus anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri pasukulu ina yaing'ono ya m'mapiri a ku Chalatenango. Anali munthu wowonda, wolankhula pang'onopang'ono, wosalowa zandale. Chimene ankakonda n'kutenga nambala yaikulu n'kumaigawa mpaka atapeza timanambala tosagawika timene tinaipanga.

Nkhondo itafika m'mapirimo, aphunzitsi anzawo anathawa. Iwo anatsala.

Tsiku lina m'mawa analemba pabolodi 41,041, ndipo m'munsi mwake 7, 11, 13 ndi 41. Ankafuna ana aone kuti ukachulukitsa zinayizi umapeza yapamwambayo. Asanafotokoze n'komwe, asilikali analowa n'kuthamangitsa ana onse.

Sajeni wawo anaima n'kuyang'anitsitsa bolodi.

"Iwe, n'chiyani ichi?"

"Masamu, bwana."

"Masamu eti? Pa 7 mwezi uno zigawenga zinatiphera anzathu pamlatho. Ndiye pa 11 ndi pa 13 zikamenya kuti? Nanga 41, ndi anthu kapena mfuti?"

A Lemus anatola choko n'kumupatsa. "Chulukitsani nokha, bwana, muone. 7 ndi 11 zikupatsani zingati?"

Sanafune kunyoza. Koma sajeniyo kuchulukitsa sankadziwa, ndipo msilikali wina kumbuyo anaseka.

Sajeni anawasasantha ndi mfuti pakamwa, mano atatu n'kugwera pansi. Analamula kuti awagwire dzanja lamanja pa desiki, ndipo anayamba kuwathyola zala. Ankati akatchula nambala imodzi, chala chimodzi thyo.

"7. Ndani anakutuma?"

"Palibe, bwana."

"11."

Pofika pa 41 a Lemus anali atakomoka. Asilikali anawathira madzi, n'kuwaguza pa fumbi mpaka pagalimoto.

Anawasunga masiku khumi, akuwamenya ndi waya kumapazi. Pa 11 sipanachitike kanthu, pa 13 chimodzimodzi. Sajeni anati n'chifukwa choti wagwira mutu wa gulu la zigawengalo.

Mkazi wa a Lemus, a Nicolasa, anakawapeza m'ngalande ya m'munda wa khofi momwe asilikali anawataya, atatupa moti anawazindikira ndi malaya okha.

"Evaristo, mukundimva?"

"Ana aja sanawakhudze?"

"Ali bwino onse. Khalani chete."

Anawabereka kumsana ngati mwana mpaka kunyumba. Mapazi atapola pang'ono, anawoloka mtsinje kupita ku dziko loyandikana la Honduras pamodzi ndi mabanja ena othawa.

Kumsasa wa othawa nkhondo dzanja lamanja linapola chopindika. A Lemus anaphunzira kulemba ndi lamanzere, ndi kamtengo, pa dothi. Ophunzira awo ambiri tsopano anali amayi ndi madoda amene sanapondeko m'kalasi. A Lemus akamva kulira kwa galimoto ankasiya mawu pakati n'kufufuta zonse ndi phazi, kenaka n'kupepesa kwa ophunzirawo n'kuyambiranso.

Anamwalira konko ndi chifuwa patapita zaka zisanu. Mtendere utabwera, a Nicolasa anabwerera okha n'kupeza sukulu ija ilibe denga, mbuzi zikugonamo.