Kompyuta Yovala Chitenje

Kompyuta yoyamba imene ndinaigwira inasiyidwa ndi mphunzitsi wa masamu wochokera kunja, pa sukulu ina ya ku Feira, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ine ndinali kalaliki pa sukulupo. Ntchito yanga inali kutaipa makalata ndi mayeso pa taipilaita, kenaka kupukusa makina a sitensulo ochulukitsira mapepala mpaka zala zitada ndi inki.

Miyezi yozizira, jenereta ikayaka masana, mphunzitsiyo ankandikhazika pambali pake n'kumandiphunzitsa. Anati m'bokosimo muli pulogalamu yotchedwa Linux, ndipo siigulidwa. Anailemba ndi anthu ambiri a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ndi womasuka kuikopera, kuikonza, ndi kupatsako mnzake.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga ikadzawonongeka tidzapita kwa yani, poti ilibe mwini?"

Iye anati, "Mudzafunsa anzanu."

Koma kuchokera ku Katondwe mpaka ku boma ndinalibe mnzanga wodziwa kompyuta.

Mphunzitsiyo anachoka mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba. Tsiku lina akazi a a Hedi, mayi wodziwa kusoka, analowa mu ofesi n'kupititsa chala pamwamba pa bokosilo. Anapukusa mutu. Kwathu chinthu cha mtengo wapatali sichikhala pamtetete. Wailesi ili ndi kansalu kake, makina osokera ali ndi chovundikira chake. Mlungu usanathe anabwera ndi chovala cha chitenje chamaluwa obiriwira, cha nsalu ziwiri, chothina bwino. Kutsogolo anasiya kazenera kolowetsera disiketi ndi kabowo ka batani. Kumbuyo chinali ndi zingwe zomangira ngati diresi. Tonse tinachiyamikira.

Kutentha kutakula, kompyuta inayamba kudwala. Inkagwira ntchito kwa kanthawi, kenaka n'kuuma, osamvanso kiyibodi. Nthawi zina inkadzaza galasi ndi manambala. Aphunzitsi a sayansi anati ndi moto wa jenereta. Aphunzitsi a mbiri anati yapukwa mwini wake.

A Hedi anandiitana. Anati, "A kalaliki, mayeso otsekera chaka ayandikira. Ikapanda kuchira pofika nthawi yotaipa, ikalowe m'chipinda cha katundu. Dizilo sitingamathere bokosi lokomoka."

Chipindacho ndinkachidziwa. Munali chiswe ndi makoswe, ndipo cholowa m'menemo sichinkatulukanso.

Ndinakumbukira msuweni wanga amene ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Lusaka, momwe munali imelo. Anali atandiuzapo kuti pali gulu la anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu yomweyi: wina akalemba vuto lake, uthenga umafika kwa onse, ndipo wodziwa amayankha. Ifeyo foni tinalibe. Koma mlongo wanga wamkulu ankagula nsomba zouma ku Mphuka n'kumakagulitsa ku Lusaka. Iyeyo ndiye anakhala waya wathu, wonyamula makalata pakati pa ine ndi msuweni.

Uthenga woyamba ndinaulemba monga mmene munthu amalembera akuluakulu. Ndinapereka moni, ndinafunsa za moyo wawo ndi wa mabanja awo, ndinawauza kuti kuno mvula sinayambe. Kumapeto ndinati kompyuta yathu sikupeza bwino.

Mlongo wanga atabwerako anandiponyera envulopu yonunkha nsomba.

"Tenga mankhwala a mkazi wako," anatero.

"Asisi, ndi katundu wa sukulu."

"Wa sukulu? Nanga bwanji ukuonda ndiwe?"

Pamwamba pa mapepalawo msuweni anali atalemba ndi bolopeni kuti: "Iwe chimbuli cha kumtsinje, anthu awa safuna kudziwa za mvula. Auze chimene yalemba pagalasi, chilembo ndi chilembo."

Mayankhowo anandidabwitsa. Panalibe wopereka moni ngakhale mmodzi, koma aliyense anali atataya nthawi yake pa vuto la munthu amene sadzamuona. Anali mafunso okhaokha. Yalemba chiyani? Munkachita chiyani pamene inauma? Chasintha n'chiyani chichokereni mwini wake? Funso lomalizali ndinaliyankha kuti palibe chasintha, chifukwa ndinkaganiza za mapulogalamu.

Ulendo wachiwiri anayamba kutsutsana okhaokha. Wina anati timatabwa tosungira nzeru tam'kati tamasuka. Wina anati ayi, ndi magetsi, ndipo anamuuza woyambayo kuti aziwerenga asanayankhe. Wachitatu anawadzudzula onse awiri n'kuyambitsa nkhani ina yosakhudza ife. Ndinawerenga mapepalawo kangapo. Anandikumbutsa amuna a ku Mphuka akazungulira bwato lothonya: aliyense akuloza mng'alu wake, mawu ali pamwamba, koma palibe wochoka bwatolo lisanamatidwe. Ndinkadzifunsa kuti anthuwa amadya chiyani, ndipo mabwana awo amati chiyani akawaona akulimbana ndi bokosi la ku Feira.

Zonse zimene ananena ndinachita. Ndinamasula zingwe, kuvula chovala, kutsegula bokosi ndi sikuludilaiva, kukanikiza timatabwa tija. Ndinaiyesa ili chotsegula, ndipo inagwira ntchito masana onse. Ndinaitseka, kuiveka, n'kukauza a Hedi kuti yachira. M'mawa mwake inaumanso. Zinachitika chimodzimodzi kangapo, mpaka a Hedi anasiya kundifunsa. Anatuma munthu kukasesa pakona m'chipinda cha katundu, ndipo anandiuza kuti ndithire mafuta taipilaita.

Ndinalembera gulu lija kuti kompyutayi ili ngati mwana amene amachira akangofika pageti la chipatala. Ndikamaiyesa ili bwino, ndikafuna kugwira ntchito yadwala.

Yankho limene linandithandiza linali lalifupi kuposa onse. Msuweni anati analemba ndi mayi wina wa kudziko lotentha ngati lathu. Mayiyo anati ndisamuuzenso za mapulogalamu. Ndimuuze zimene manja anga amachita tsiku loyesa, kuyambira polowa pakhomo, ngakhale zooneka zopanda pake.

Ndinatenga pepala. Ndinalemba kuti ndimatsegula zenera, ndimapukuta tebulo, ndimamasula zingwe za chovala. Pamenepo bolopeni inaima.

Jenereta inali ikulira, kompyuta ili chiyakire. Ndinalowetsa dzanja pansi pa chitenje. Chitsulo chinali chotentha ngati chiwaya. Nditamasula zingwe, mpweya wotentha unandiwomba m'manja. Kumbuyo kunali kafani kozungulira, ndipo m'mbali munali timabowo timene ndinkayesa n'tokongoletsa. Ndinakhala nthawi ndithu dzanja lili pamenepo, ndikumvetsera bokosi likupuma.

Chovuta chinatsala n'kunena. Ndinapita kwa a Hedi n'kuwafotokozera mwaulemu. Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana kudenga.

"Mukuti chovala chija?"

"Inde, bwana."

"Mukawauze nokha. Ine ndimadya kumeneko."

Ndinawapeza amayiwo pakhonde akusoka yunifomu. Ndinawapempha kuti adzaone kanthu mu ofesi. Sindinanene zambiri. Ndinangowapempha kuti aike dzanja kumbuyo kwa bokosi.

"Kansi chimapuma?" anafunsa.

"Chimapuma, amayi."

"Ndiye inu ophunzira nonse, ndi a sayansi omwe, munangondiyang'ana ndikuveka mwana wa eni jekete mu Okutobala?"

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenaka anafunsa kumene mpweya umalowera ndi kumene umatulukira, n'kuyeza ndi zala. Chovalacho anapita nacho. Chinabwerako chitadulidwa kumbuyo ndi m'mbali, m'malomo atasokeramo zidutswa za neti yakale ya udzudzu. Anandilamula kuti ndizigwedeza fumbi la panetipo Lachisanu lililonse.

Kompyuta sinaumenso. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma msuweni anatumiza mawu kudzera mwa mlongo wanga. Anati gululo lili ndi mwambo wake: wothandizidwa amabwerera kukanena chimene chachiza, kuti wina akadzadwalitsa chimodzimodzi adzapeze yankho lili kale.

A Hedi sanakondwe. "Mukufuna dziko lonse limve za chitenje cha kunyumba kwanga?"

Amayiwo anali pakhomo. Anati, "Alembe. Koma anene kuti chinasokedwa bwino."

Ndinalemba zonse, ndi mawu amenewo omwe. Ulendo uno sindinafunse za mabanja awo, ngakhale kuti ndinapereka moni. Mayankho anabwera ambiri kuposa kale. Ena anaseka. Wa magetsi uja anati iye anali ataganizako za kutentha, ndipo anzake sanamusiye. Mmodzi, amenenso ankavutika ndi fumbi kwawo, anafunsa kukula kwa maso a netiyo. Amayi aja anadula kachidutswa, mlongo wanga n'kukanyamula pamodzi ndi nsomba kuti msuweni akayeze ndi rula.

Mayeso a chaka chimenecho anatuluka pa pulinta ya kompyutayo. Pakona paja m'chipinda cha katundu panaikidwa makina a sitensulo. Tsiku lotsekera sukulu mlongo wanga anandigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kufunsa kuti inki ija yapita kuti.